Muli ndi chithunzi cha agogo ataima pa sitima yamalasha? Fufuzani mbiri ya injiniyo chonchi

Kuno ku Mzuzu njanji kulibe, sinafikeko ndi kale lomwe. Inathera ku Salima mu 1935, patapita zaka zambiri n'kukhotera ku Lilongwe ndi Mchinji, nde mwana wobadwira ku Chibavi kapena ku Zolozolo atha kulemba fomu 4 asanaonepo sitima yapamtunda ndi maso ake. Koma tatsegulani masutikesi akale m'nyumba za anthu akuno, mupezamo zithunzi za azigogo athu ataima pambali pa zimphona za injini, ovolosi ili bii ndi girisi, chifukwa anthu a ku Nkhata Bay, ku Mzimba ndi ku Rumphi anapita ambiri ku Bulawayo, ku Wankie ndi kumigodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia, ena anabwerako, ena anatchona konko.

Chathu tinachipeza m'Baibulo la agogo aakazi ku Mchengautuwa, kachithunzi kakang'ono kopanda mtundu, m'mbali mutadyeka ndi chinyezi. Agogo aamuna ali mnyamata, kansanza kopukutira kali m'manja, kumbuyo kwawo gudumu lachitsulo lowafika pachifuwa, ndipo chapamwamba pakuoneka nambala, 734. Kunyumba tinkangoti sitima ya agogo basi. Zinanditengera miyezi ndi mabandulo ambiri kuti ndidziwe kuti injiniyi ndi ya gulu lokoka katundu la Rhodesia Railways lotchedwa 20th class, komanso kuti moyo wa gulu limeneli ukufotokoza zinthu zambiri za moyo wa agogowo zimene palibe anatiuzapo. Ndikulemba mmene ndinayendera kuti inu musazungulire.

Choyamba, chithunzicho musachite lamineti. Ndikudziwa kuti ndi kumene timathamangira poti mvula ndi chinyezi cha kuno sichisiya pepala lili bwino, koma kutentha kwa makina aja kumawononga chithunzi chakale ndipo pulasitiki ikamata simungaichotsenso. Tulukani nacho panja pamthunzi, tsiku la mitambo ndiye labwino kwambiri ndipo kuno masiku otero sasowa, muchiike pa nsalu yakuda, muzimitse fulashi, mujambule ndi foni chonse chathunthu kenako muyandikire, nambala payokha, magudumu pawokha, kachitsulo kalikonse kolembedwa kamene kamatidwa pa injiniyo. Mutembenuze mujambulenso kumbuyo, nthawi zina kumakhala chidindo cha situdiyo kapena chaka cholembedwa ndi pensulo. Potumizira achibale pa WhatsApp muzitumiza ngati dokyumenti, apo ayi manambala amafufutika.

Musanagule bandulo, khalani kaye pansi ndi akuluakulu. Intaneti idikira, agogo sadikira. Ndipo musawafunse kuti inali injini ya mtundu wanji, sangadziwe ndipo muwachititsa manyazi pachabe. Afunseni zimene anaona ndi maso: ankakhala komboni iti, ntchito ankapita usiku kapena masana, ankabwera akununkha chiyani, anabwerera kumudzi ndani atabadwa. Ine ndinafunsa agogo aakazi, "Agogo, akaweruka ankabwera ali bwanji?" Iwo akuti, "Iwe, ankabwera maso okha ndiwo akuyera, phulusa mpaka m'makutu, ndipo manja sankayera olo uwakwecheche ndi mwala." Kuyankha kumeneko kunandiuza kuti ankagwira kushedi, kumene amachotsa moto ndi phulusa. Mukamva dzina loti Sizinda kapena Matshobana lembani msanga, amenewo ndi makomboni a anthu a njanji ku Bulawayo ndipo Amalawi analimo ambiri. Mufunsenso ngati pali chitupa, pasi, khadi la ntchito kapena kalata ya penshoni, chilichonse chokhala ndi chaka.

Tsopano yang'anani maonekedwe a injiniyo. Ngati boila, chimgolo chija chophikira madzi, chakhala pamwamba pa magudumu ake ndipo kumbuyo kukukokedwa kangolo ka malasha, imeneyo ndi injini wamba. Koma ngati mukuona thanki lamadzi kutsogolo lili ndi magudumu ake, nkhokwe ya malasha kumbuyo ilinso ndi magudumu ake, ndipo boila ili lende pakati popanda gudumu pansi pake, ngati munthu ali m'machila onyamulidwa ndi anthu awiri, imeneyo ndi Garratt. Dzinali ndi la Herbert William Garratt amene anaganiza kapangidwe kameneka, ndipo kampani ya Beyer, Peacock ya ku Manchester ndiyo inapanga yoyamba mu 1909, yopita ku Tasmania.

Apa ndichedwepo pang'ono chifukwa mukamvetsa ichi zina zonse ziziyenda zokha. Njanji za kuno kumwera kwa Africa ndi zopapatiza, mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwirizo, chimodzimodzi ya ku Limbe, ndipo zinamangidwa motchipa, makona ambiri, zitunda zambiri, milatho yosafuna katundu wolemera pamalo amodzi. Injini yaikulu yowongoka ngati mtengo singakhote pa kona yothina, taganizani thiraki yaitali yopanda pokhotera ikutsika pa Chiweta. Garratt imapindika pawiri, mbali yakutsogolo imalowa m'kona payokha, yakumbuyo payokha, boila n'kumangotsatira pakati. Kulemera kwake kumagawidwa pa magudumu ambiri nde njanji siphwanyika. Poti pansi pa boila palibe chotchinga, ng'anjo atha kuikulitsa mmene akufunira. Imayendanso bwino chakutsogolo ndi chambuyo momwe, safunika kuitembenuza ikafika kumapeto, ndipo ntchito ya injini ziwiri imagwiridwa ndi dalaivala mmodzi ndi fayamani mmodzi. Vuto lake ndi loti madzi ndi malasha zikamatha, kulemera kopanikiza magudumu kumachepa nde imayamba kuterereka pachitunda, komanso mapaipi a nthunzi olumikiza mbali zitatuzo amayenera kupindika nawo, choncho amavuta kudontha.

Kenako werengani magudumu, mbali imodzi yokha imene ikuoneka, kuyambira kutsogolo. Aang'ono angati, aakulu olumikizidwa ndi chitsulo angati, aang'ono ena angati, ndipo nambala iliyonse muichulukitse kawiri poti mbali inayo alikonso. Ya 20th class mupeza aang'ono awiri, aakulu anayi, laling'ono limodzi, kenako mpata wa boila, kenako limodzi, anayi, awiri. Polemba amati 4-8-2+2-8-4, onse pamodzi magudumu 28, okoka enieni 16. Mukapeza 4-6-4+4-6-4 kawirikawiri imeneyo ndi 15th class, ya magudumu aatali, yothamanga, imene inkakoka za anthu ndi za katundu zomwe. Mukapeza 2-8-2+2-8-2 kawirikawiri ndi ya 16, ndipo 2-6-2+2-6-2 zambiri ndi za 14. Zithunzi zathu zambiri wojambula ankafuna munthu osati injini, nde magudumu amaoneka theka, musadandaule, nambala ikuthandizani: za m'ma 500 ndi za 14, za m'ma 600 ndi za 16, za m'ma 700 ndi za 20.

Za 20 zinapangidwa 61, zonse ndi Beyer, Peacock, pakati pa 1954 ndi 1958. Zoyamba 21, nambala 700 mpaka 720, ndizo 20th class yeniyeni, zotsatira 40, nambala 721 mpaka 760, amazitcha 20A, ndipo kusiyana kwake ndi kwa kukula kwa timagudumu tamkati tija basi, pachithunzi simungakuone. Posaka pa intaneti mulembe m'Chingerezi, Rhodesia Railways 20th class kenako nambala yanu, ndipo mayina a malo muyese akale ndi atsopano omwe, Wankie ndi Hwange, Broken Hill ndi Kabwe, Salisbury ndi Harare.

Koma pa nambalapa pali msampha ndipo ine unandigwira. Nditalemba 734 panatuluka chithunzi chokongola chamitundu, injini ikufuka utsi, ndinasangalala mpaka ndinakatsukitsa kopita nako kwa agogo. Pambuyo pake ndi pamene ndinawerenga kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 a njanji ku Zimbabwe atakonzanso injini zimenezi anazipatsa manambala atsopano, za 20th class zinakhala 730 mpaka 737, za 20A zinakhala 740 mpaka 750. Ndiye kuti 734 wa chithunzi chamitundu ndi injini ina, 734 wa agogo, amene anajambulitsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chisanathe, ndi 20A. Zinandipweteka ndithu. Nde lamulo ndi ili, musakhulupirire nambala musanadziwe chaka cha chithunzi. Chodalirika kuposa nambala yapambali ndi kachitsulo ka kampani yopanga, pamakhala nambala ya kufakitale ndi chaka, imeneyo sisintha olo injini igulitsidwe kangati.

Mukadziwa gulu, funsani kuti analipangira ntchito yanji, poti injini sagula ngati malaya. Njanji inafika ku Bulawayo mu 1897, ku malasha a ku Wankie mu 1903, inawoloka Zambezi pa mlatho wa Victoria Falls mu 1905, n'kufika ku Broken Hill mu 1906 kenako kumigodi ya kopa. Nkhondo yachiwiri itatha kopa anali pa msika kwambiri, ndipo migodi imeneyo kuti iyake magetsi ndi kusungunula miyala inkadalira malasha a ku Wankie. Malasha akwere kumpoto, kopa atsike kumwera kupita kudoko, njanji ndi imodzi yokha. Njira yake inali yoti sitima iliyonse izikoka zambiri, ndipo za 20 zinabwerera zimenezo, makamaka chigawo chovuta cha Kafue mpaka Broken Hill, komanso masitima a malasha ochokera pa Thomson Junction pafupi ndi Wankie.

Manambala ake muziwasandutsa zinthu zimene agogo angazione m'maganizo, apo ayi angokhala manambala. Yodzaza inkalemera matani oposa 220, kutalika pafupifupi mamita 29. Inkanyamula malasha matani 14, amiyala ngati a ku Mchenga aja osati makala a mbaula, ndiye kuti matumba a makilogalamu 50 pafupifupi 280, ndi madzi magaloni 8,000, madiramu 180 kapena kuposerapo. Nthunzi m'boila inkafika mapaundi 200, pomwe teyala la galimoto yaing'ono timapopa cha m'ma 30. Pansi pa ng'anjo pamene moto umayaka panali pokula kuposa mabedi awiri a dabulo, ndipo munthu ndi fosholo sangadyetse moto wotero kwa maola ambiri pachitunda, nde za 20 zinabwera ndi makina osonkhera, chitsulo chopota ngati cha makina ogayira nyama chimene chimakoka malasha kuchokera m'nkhokwe mpaka pakhomo la ng'anjo, pamenepo nthunzi n'kumawamwaza pamoto ponse. Inkakoka matani oposa 1,000. Mukaima pa Katoto n'kumawerenga mathiraki a matani 30 akudutsa, mufike 30 ndi kupitirira, imeneyo ndi sitima imodzi.

Tsopano tengani kope, tsamba mulidule pakati ndi mzere, kumanzere muzilemba zaka za injini, kumanja zaka za agogo. Apa ndi pamene ntchitoyi imakoma.

Kumanzere muyamba ndi 1954 mpaka 1958, kubwera kwake, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chinayamba mu 1953, ntchito ili mbwee ndipo anyamata akuno akukwera Ilala pa Nkhata Bay kukatsika pa Chipoka kuti agwire sitima, ena akudzera kwa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito za ku Rhodesia, ena wapansi kudzera ku Lundazi. Mu 1960 magetsi a ku Kariba anayamba ndipo migodi inachepetsa kudalira malasha pa nkhani ya magetsi. Chitaganya chinatha kumapeto kwa 1963, Zambia inalandira ufulu mu 1964 chaka chimodzi ndi ife, boma la Ian Smith ku Southern Rhodesia linadzilengeza lokha kuti ndi loima palokha pa 11 Novembala 1965, ndipo mu 1967 kampani ya njanji imene inali imodzi inagawidwa pawiri. Injini nazonso zinagawidwa, ndipo za 20 zambiri zinatsalira ku Zambia Railways poti ndi kumene zinkagwira ntchito. Kumeneko moyo wake unafupika, Zambia inagula injini za dizilo za General Electric, malire a Zambia ndi Rhodesia anatsekedwa mu 1973, njanji ya TAZARA inatsegula njira ya ku Dar es Salaam, ndipo injini zimene zinali zisanakwane n'komwe zaka 20 zinayamba kuimikidwa m'mayadi. Beyer, Peacock nayo inali itatseka kale mu 1966.

Kumwera, ku Rhodesia, nkhani inayenda mwina. Mafuta anali ovuta chifukwa cha zilango za mayiko komanso mtengo unakwera m'ma 1970, pomwe malasha anali pakhomo. Mu 1978 anaganiza zokonzanso ma Garratt oposa 80, ntchito inagwiridwa ku Bulawayo ndi kampani ya RESSCO mpaka cha mu 1983, dziko litakhala kale Zimbabwe ndipo kampani ikutchedwa National Railways of Zimbabwe. Za gulu la 20 zinakonzedwa 19, anaziika maberingi amakono, manambala atsopano aja, ndi mayina ngati Insuza ndi Ingwezi. Zinakokanso malasha pakati pa Hwange ndi Bulawayo mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene dizilo anatenga njira zikuluzikulu ndipo nthunzi inatsalira yosuntha mabogi m'mayadi ndi yokoka alendo. Ndiye injini ziwiri zotuluka m'fakitale imodzi chaka chimodzi, ina inagwira zaka zochepa, ina pafupifupi 40, chosiyanitsa ndi mbali ya Zambezi imene inali pa tsiku logawana.

Kumanja kwa tsamba langa kunadzaza pang'onopang'ono. Amalume aakulu anabadwira ku Bulawayo injinizi zikubwera kumene. Agogo anabwerera kumudzi zinthu zitayamba kusokonekera pakati pa zaka za m'ma 1960, ndipo kunyumba ankangoti anatopa, koma mukaika zaka ziwirizo pafupi mumaona nokha kuti anthu ambiri akunja ankalongedza nthawi imeneyo. Sindikuti mzere wakumanzere uzilamula wakumanja ayi, musakakamize nkhani, mungoika pafupi n'kufunsanso akuluakulu.

Chimene sindifuna muiwale ndi ichi. Zolembedwa zambiri za injinizi zimakamba za mainjiniya ndi madalaivala, ndipo nthawi ya agogo mpando wa dalaivala ndi wa fayamani pa njanji ya Rhodesia unali wa azungu. Anthu athu anali pansi, koma injini yamalasha siyenda popanda anthu apansiwo, si galimoto yoti ungotembenuza kiyi. Ikabwera paulendo imaima pa dzenje, anthu agwetse moto wakufa, akokolole phulusa lotentha ali kunsi kwake, atsegule chitseko chakutsogolo achotse mwaye, ena adzaze malasha, ena madzi, ena athire mchenga wouma m'mabokosi ake poti mchengawo ndi umene amawaza panjanji magudumu akamaterereka. Ena oyilo ndi girisi pa mfundo iliyonse, ndipo Garratt ndi injini ziwiri nde mfundo zake ndi zowirikiza. Usiku pamakhala wolondera moto kuti usazime, chifukwa kuyatsa yozizira kumatenga maola ambiri, ukafulumiza zitsulo zimang'aluka. Pakapita masiku amaizimitsa dala kuti atsuke m'boila, madzi amasiya zokanirira ngati za m'ketulo, ndipo wina amalowa m'ng'anjo isanazizire bwino kukakonza njerwa. Pakapita zaka imapita ku wekishopu yaikulu ku Bulawayo kukaphwasulidwa yonse. Anthu omwewa ndi amene ananyanyala ntchito mu 1945, sitalaka ya anthu akuda a njanji imene inayambira ku Bulawayo n'kufalikira mpaka kumpoto, ndipo Joshua Nkomo asanatchuke pa ndale anali mtsogoleri wa bungwe lawo. Nde polemba mbiri ya injini yanu mulembemo dzina la ntchito ya agogo ndi zimene manja awo ankachita, osangoti ankagwira ku njanji.

Mukawerenga pa intaneti, chinthu chilichonse muchipeze malo awiri osiyana musanachilembe m'kope, makamaka zaka ndi manambala, poti anthu amangokoperana zolakwika. Pali magulu a pa Facebook a anthu amene anagwira njanji ya Rhodesia ndi ya Zimbabwe, ikani chithunzi chanu mufunse mwaulemu, madala amenewo amazindikira shedi poona denga lokha. Mabuku a kampani ya Beyer, Peacock amasungidwa ku Science and Industry Museum ku Manchester ndipo mutha kuwalembera. Za maulendo a anthu opita kunja kukagwira ntchito, National Archives ku Zomba ndi kumene kuli mafayilo a nthawi ya atsamunda.

Ngati thumba likulola, kaoneni ndi maso. Za 20 sizinagwirepo ntchito kuno kwathu, koma mukapita ku Blantyre lowani ku Museum ya pa Chichiri, panja pali injini yamalasha yakale, yaing'ono inde koma muona ng'anjo, boila ndi zitsulo zolumikiza magudumu, mugwire ndi dzanja. Za 20 zenizeni zasungidwa ku Railway Museum ya ku Bulawayo ndi ya ku Livingstone, ndipo ngati muli ndi m'bale kumeneko, ana a matchona aja, mutumeni akaime pambali pa gudumu ajambulitse kuti muyerekeze ndi cha agogo.

Pomaliza sungani. Kumbuyo kwa chithunzi musalembe ndi bolopeni, inki imadutsa. Lembani pa pepala lina dzina la agogo, mudzi, zaka, komboni, ntchito yawo, gulu la injini, nambala ndi chaka chimene nambalayo inali yoona, muike zonse mu envulopu yapepala osati jumbo, m'kati mwa nyumba kutali ndi khoma limene limanyowa nthawi ya mvula. Mutsukitse makope angapo mugawire azakhali ndi amalume. Chathu agogo aakazi anakana kuti chichoke m'Baibulo, akuti chakhala pa tsamba limenelo kuyambira tsiku la maliro, nde tinagwirizana kuti ndiwatsukitsire china chachikulu choti aziona bwino opanda magalasi, chimenecho chili pakhoma pa sitingirumu, chenichenicho ndinachikulunga m'kapepala koyera n'kuchibwezera pa tsamba lomwelo.